Mayi akachirira pakhomo amalipa mbuzi, nanga chipatala chikalakwitsa?

Kwa zaka zoposa khumi tsopano, mayi wa ku Muloza m'boma la Mulanje, monganso amayi a m'midzi yambiri m'dziko muno, wakhala akuuzidwa chinthu chimodzi: matenda akayamba, thamangira kuchipatala. Boma lidaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi m'chaka cha 2007. Ngakhale malemu Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsochi mu 2010, mafumu adali atayigwira kale mfundoyi, ndipo pomwe Joyce Banda adalimbikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino mu 2012, m'madera ambiri mudakhazikika malamulo a m'mudzi oti wochirira pakhomo kapena panjira azilipa chindapusa. Kwina ndi nkhuku, kwina mbuzi, kwina ndalama.

Amayi adamvera. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Chiwerengero cha amayi omwalira kaamba ka uchembere chidatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Izi n'zoyamikika ndipo palibe wanzeru angafune kuti amayi abwererenso kukachirira kuseri kwa nyumba.

Koma pangano lililonse limakhala ndi mbali ziwiri. Mayi amene wasiya mzamba wa m'mudzi mwake n'kukagona kuchidikiro masabata awiri, akudziphikira ndi ufa ndi nkhuni zochokera kwawo, wachita mbali yake. Akalephera, amfumu amadziwa kolipitsa ndipo mbuzi imatuluka m'khola tsiku lomwelo. Nanga chipatala chikalephera mbali yake, mwana n'kubadwa atabanika kaamba koti padalibe amene adamvera kugunda kwa mtima wake usiku wonse, amalipa ndani? Yankho lilipo m'malamulo a dziko lino. Vuto n'loti lidakhalira m'mabuku a Chingerezi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ku Muloza silidafike.

Muloza ali kumalire ndi dziko la Mozambique, kumapeto kwa msewu wa M2, makilomita pafupifupi 30 kuchokera paboma la Mulanje. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zimachiritsa amayi omwe zonse zikuyenda bwino, koma sizichita opaleshoni. Mwana akapingasa, mutu ukakula kuposa njira, kapena mayi akayamba kutaya magazi, ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu paboma kapena cha mishoni, ndipo zikakanika kumeneko ndiye ku Gogo Chatinkha ku Queens mumzinda wa Blantyre. Paulendo wotere pali malo ambiri pomwe nthawi imatayikira: namwino kuchedwa kuzindikira kuti zavuta, ambulansi kusowa mafuta, kufika kuchipatala chachikulu n'kupeza mzere wa odikira opaleshoni. Ubongo wa mwana wosabadwa supirira kusowa mpweya nthawi yaitali.

Zotsatira zake zimaoneka pang'onopang'ono. Mwana sadalire pobadwa, adakomoka kangapo sabata yoyamba, ankakanika kuyamwa. Miyezi isanu ndi umodzi yakwana khosi lisadalimbe, chaka chatha sakukhala tsonga. Wina dzanja limodzi limangolendewera chifukwa mitsempha ya paphewa idakokeka pomutulutsa. Mayi nayenso akhoza kubwerera kumudzi akudontha mkodzo kosalekeza, lomwe ndi vuto la fistula lodza mwana akakhalitsa panjira, kapena atachotsedwa chiberekero ali ndi zaka 19 zokha. Mayi amene ankathyola tiyi kuesiteti kapena kugulitsa nanazi ndi nthochi pa Limbuli amasiya zonse n'kumangokhala ndi mwana kumsana mpaka kalekale.

Kumudzi nkhani yotere ili ndi mayankho ake okonzeratu. Ena amati bambo adayenda njira mkazi ali ndi pakati, ena amaloza gogo wina kuti adamanga mimba, ena amangoti n'chifuniro cha Chauta. Mabanja atha, anthu osalakwa adanidwa, pomwe chenicheni chidalembedwa, kapena chidalekedwa kulembedwa, papepala lomwe lili mufayilo kuchipatala.

Mpofunika kunena mosapsatira kuti si kuvulala kulikonse komwe kuli mlandu. Mwana akhoza kulumala ziwalo chifukwa cha chikasu champhamvu atangobadwa, malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi kapena kubadwa masiku asanakwane. Mayi amene wafika kuchipatala atakhala masiku awiri akuvutika kunyumba sangasenzetse namwino katundu yense. Ndipo anamwino ambiri akumidzi amagwira ntchito ya anthu atatu, nthawi zina akuunika ndi tochi ya pafoni magetsi atazima. Lamulo sililanga chipatala chifukwa choti zinthu zathera moipa. Limafunsa mafunso awiri: kodi thandizo lomwe lidaperekedwa lidali lochepera pa lomwe wantchito wodziwa ntchito yake akadapereka pamalo pomwepo? Nanga kuperewera kumeneko ndiko kudavulaza mwana kapena mayi?

Muyeso woyambawo makhoti a kuno adautengera ku England, pa mlandu wa Bolam wa m'chaka cha 1957. Mwachidule, dotolo kapena namwino sapezeka wolakwa ngati adachita zomwe gulu la anzake odalirika pantchitoyo likadavomereza kuti n'zoyenera. Muyesowu si wapafupi kuudumpha. Pa mlandu wina wa ku England komweko, wa Whitehouse ndi Jordan, mwana adabadwa atavulala ubongo dotolo atayesa kumutulutsa ndi zipangizo, koma patatha zaka khumi, mu 1980, bwalo lalikulu la kumeneko lidati dotoloyo sadachite mosasamala. Banjalo lidabwerera chimanjamanja. Komanso ulipo mlandu wa Montgomery wa ku Scotland, womwe udagamulidwa mu 2015: mayi wamfupi wodwala shuga sadauzidwe kuti mapewa a mwana akhoza kukanirira pobadwa, choncho sadapatsidwe mwayi wosankha opaleshoni. Mwanayo adalumala ndipo khoti lidalamula chipukuta misozi cha mapaundi 5.25 miliyoni. Makhoti a ku Malawi sakakamizidwa kutsata zigamulo zimenezi, koma amaziwerenga ndi kuzigwiritsa ntchito. Phunziro la mlandu wachiwiriwu n'lakuti kusamuuza mayi chomwe chikumuchitikira ndi kulakwa pakokha.

Mlandu wotere umapambana kapena kugwa chifukwa cha mapepala, osati misozi. Apa ndi pomwe mabanja akumudzi amataya mwayi asanayambe n'komwe. Kabuku ka kuchipatala ka mayi ndi ka mwana ndi umboni woyamba. M'menemo muli masiku omwe mayi adapita kusikelo, kuthamanga kwa magazi ake, kulemera kwa mwana pobadwa, ndiponso nambala ya Apgar yomwe imasonyeza mmene mwana adalili pa mphindi yoyamba ndi yachisanu atabadwa. Kabukuka kasatayidwe, kasanyowe, ndipo kasaperekedwe kwa aliyense popanda kukachita fotokope kapena kukajambula ndi foni tsamba ndi tsamba.

Pepala lina lofunika kwambiri limatsala kuchipatala. Limatchedwa partograph, ndipo ndi pomwe mzamba amalembapo mmene matenda akuyendera. Malangizo a ntchitoyi amati kugunda kwa mtima wa mwana kuzimvedwa pa theka la ola lililonse ndipo njira iziyezedwa pa maola anayi alionse. Pepalali lili ndi mizere yochenjeza kuti apa pachedwa, chitanipo kanthu. Partograph yopanda kanthu kuyambira 10 koloko usiku mpaka mbandakucha imalankhula kuposa mboni khumi. Kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu nayonso imasonyeza ola lomwe chiganizocho chidapangidwa, ndipo kaundula wa kuchipatala chachikulucho amasonyeza ola lomwe mayi adafika. Kusiyana kwa maola awiriwa ndiwo mlandu nthawi zambiri.

Gadiyani amene adagona pakhonde la chipatala usiku umenewo ndi mboni. Azilemba, kapena apemphe mwana wa sukulu amulembere, zinthu zikadali m'mutu: adafika ola lanji, adakagogoda kangati, adayankhidwa chiyani, ambulansi idaitanidwa liti ndipo idafika liti. Pakatha zaka ziwiri, Lachiwiri ndi Lachinayi zimasokonekera, ndipo loya wa mbali inayo amadyerera pomwepo.

Ambiri amaopa kupempha fayilo yawo poganiza kuti ndi katundu wa boma. Zoona fayiloyo imasungidwa ndi chipatala, koma zolembedwamo n'zokhudza thupi la mwini wake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, la Access to Information Act, lidavomerezedwa mu 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Pempho lilembedwe, lipite kwa mkulu wa zaumoyo paboma, ndipo banja lisunge kope yake yodindidwa tsiku lomwe laperekedwa. Kupempha pakamwa pawindo kulibe umboni.

Khomo lapafupi lokadandaula ndi ombudsman wa pachipatala. Ndondomekoyi idayamba mu 2018 ndipo cholinga chake n'choti wodwala akhale ndi pokanena popanda kukwera minibasi. Imathandiza pa nkhani za mwano, kuchedwa kuthandizidwa, kapena kupemphedwa ndalama m'chipatala chaulere. Koma n'kovuta kuyembekezera kuti munthu wolembedwa ntchito ndi unduna womwewo, amene amamwa tiyi ndi odandaulidwawo, afufuze mozama nkhani ya mwana wolumala moyo wonse. Banja lipiteko ndithu kuti dandaulo lilowe m'buku, koma lisakhale pansi n'kumadikira.

Aliponso mabungwe awiri oyang'anira ogwira ntchito zachipatala, onse ali ndi malikulu awo ku Lilongwe. Bungwe la Medical Council of Malawi limaona za madotolo ndi ma clinical officer, omwe ndiwo amachita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma. La Nurses and Midwives Council of Malawi limaona za anamwino ndi azamba. Mabungwewa ali ndi mphamvu zodzudzula, kuimitsa kapena kufufuta munthu m'kaundula kuti asagwirenso ntchito. Kudandaula kumeneko kumateteza mayi wina wobwera mawa, ndipo zomwe apeza zikhoza kuthandiza loya. Koma ntchito yawo ndi kulanga wolakwa, osati kulera mwana. Chimodzimodzi kupolisi: kusasamala koika moyo pachiswe ndi mlandu, koma munthu akamangidwa sindiye kuti njinga ya olumala yagulidwa.

Ofesi ya Ombudsman wa dziko lonse, yomwe idakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a 1994, idasonyezapo kale kuti nkhani za uchembere sizili kunja kwa ntchito yake. Nyuzipepala zitaulula mu 2018 kuti amayi ambiri ankachotsedwa ziberekero m'zipatala zikuluzikulu za boma, Martha Chizuma, yemwe adali Ombudsman panthawiyo, adafufuza n'kutulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb mu 2019. Lipotilo lidaloza chala kuchepa kwa ogwira ntchito, kusowa kwa zipangizo ndi kusasamala kwa ena mwa ogwira ntchito, zomwe zinkachititsa kuti mabala a opaleshoni awole mpaka chiberekero kuchotsedwa. Kudandaula kuofesiyi n'kwaulere ndipo sikulira loya. Kwa munthu wosauka limeneli ndi khomo lenileni, ngakhale kuti zomwe Ombudsman walamula zimadalira kuti unduna uzimvere.

Chipukuta misozi chokwanira kulera mwana wolumala chimachokera kukhoti. Ndime 41 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wofika kubwalo la milandu ndi kulandira thandizo loyenera. Mwana sangadzisumire yekha, choncho kholo kapena womulera amasuma m'malo mwake, ndipo mayi akavulala nayenso amakhala ndi mlandu wakewake. Anthu ambiri amazengereza pomvera chisoni namwino, poti mwina ndi mwana wa m'dera lomwelo ndipo amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Koma lamulo limati wolemba ntchito ndiye amayankha pa zolakwa za wantchito wake ali pantchito. Ngati chipatala n'cha boma, kawirikawiri wosumiridwa ndi Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Ngati n'cha mishoni kapena cha kampani ya tiyi, ndi eni ake a chipatalacho. Boma silisumiridwa modzidzimutsa: pamafunika kulipatsa kalata ya chenjezo n'kudikira miyezi itatu mlandu usanalowe m'khoti. Milandu ya ndalama zambiri imapita ku High Court, ndiye kuti kwa wa ku Muloza ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Chichiri. Malinga ndi malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017, woweruza amayamba wayesa kaye kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo nkhani ikhoza kuthera pomwepo ngati agwirizana.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pabwalo la amfumu izi n'zoona, koma kukhoti mlandu umawola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zokha kuti munthu asume pa nkhani ya kuvulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina. Zaka zitatu zimaoneka zambiri, koma taonani mmene zimathera. Chaka choyamba banja likuyembekezera kuti mwana alimba. Chachiwiri chithera kwa asing'anga, kumapemphero ndi kufizo. Chachitatu eni mbumba akudikira malume amene ali ku Johannesburg kuti abwere adzagamule. Pomwe munthu akufika kwa loya, fayilo idasowa kale, namwino adasamutsidwira ku Chitipa, ndipo miyezi itatu ya chenjezo ija siyikukwananso. Lamuloli lili ndi ndime zina zokhudza ana, koma kuzimasulira ndi ntchito ya loya, ndipo banja lodalira zimenezo likutchova juga ndi tsogolo la mwana. Nzeru ndi kuwerenga kuyambira tsiku lomwe mwana adabadwa ndi kukafunsa chaka choyamba chisanathe.

Khoti likapeza kuti chipatala chidalakwa, limawerengera ululu womwe munthu wamva, zinthu zomwe sadzathanso kuchita pamoyo wake, kuwonongeka kwa thupi, ndiponso ndalama zomwe zidzafunike kumusamalira mtsogolo. Ndalama zomwe banja lawononga kale zimabwezedwa pokhapokha pali umboni. Malisiti a mankhwala asungidwe, ndipo maulendo a kabaza ndi minibasi opita kufizo alembedwe m'kope ndi masiku ake. Mayi akamwalira pochira, ana ndi ena omwe ankadalira iye akhozanso kusuma.

Nanga ndalama ya loya ichokera kuti kwa munthu wolandira malipiro a kuesiteti? Bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe lidayamba kugwira ntchito palokha mu 2015, lidakhazikitsidwira anthu oterewa, ndipo silithandiza ogwidwa ndi apolisi okha monga ambiri amaganizira. Limatenganso milandu yofuna chipukuta misozi. Bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association nalonso lakhala likuimira amayi osauka m'makhoti. Chofunika kusamala nacho ndi madobadoba omwe amazungulira m'zipatala ndi m'makhoti n'kumalonjeza mamiliyoni kuti atenge kabuku kaja. Banja lionane ndi loya maso ndi maso, lidziwe nambala ya mlandu, lipemphe kope ya chigamulo, ndipo lidziwe ndalama zenizeni zomwe khoti lalamula. Loya wodya ndalama za kasitomala amakanenezedwa ku Malawi Law Society.

Kungakhale kunama kunena kuti njira ya kukhoti ndi yosalala. Kuti woweruza akhutire, pamafunika katswiri wa zauchembere wowerenga fayilo n'kunena poyera kuti apa padalakwika. Madotolo otere m'dziko muno ndi ochepa, ambiri adaphunzira sukulu imodzi ndipo amalembedwa ntchito ndi boma lomwe likusumiridwalo. Kupeza wolimba mtima kuti achitire umboni wotsutsa mnzake si nkhani yamasewera. Ndipo ukapambana, katundu wa boma salandidwa ndi asherifu ngati wa munthu wamba. Umadikira kuti Treasury ilipire, pomwe kwacha ikugwa mphamvu ndipo mwana akukula n'kumalemera kumsana kwa mayi ake.

Ku Muloza kuli mbali ina ya nkhaniyi yomwe ku Lilongwe sangayiganizire. Amayi ambiri a ku Milange amawoloka malire kudzachirira kuno, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse za mtsinje. Malamulo aakulu amati munthu aliyense, osati Mmalawi yekha. Mayi wa ku Mozambique wovulazidwa m'chipatala cha ku Malawi ali ndi ufulu wodandaula ndi kusuma kuno. Koma Mmalawi amene zamuonekera m'chipatala cha ku Milange, mlandu wake umagwa pansi pa malamulo ndi makhoti a ku Mozambique.

Ena anena kuti kulimbikitsa anthu kusumira zipatala n'kutenga ndalama zogulira mankhwala kukapatsa maloya. Mantha amenewa ali ndi maziko. Ku South Africa ndalama zomwe anthu akufuna kuchokera kuzipatala za boma pa milandu ya kusasamala zidapitirira R100 biliyoni, gawo lalikulu likuchokera pa ana ovulala ubongo pobadwa, ndipo kudapezekanso maloya ena opeka milandu. Koma Malawi ali kutali ndi vuto limenelo. Kuno vuto ndi loti mtengo wonse wa kulakwitsa umagwera mayi mmodzi wa kumudzi, pomwe amene adalephera kutumiza mafuta a ambulansi sataya ngakhale tambala. Bajeti yomwe siyimva kuwawa mwana akavulala ilibe chifukwa chosinthira.

Unduna wa zaumoyo ungachepetse mavutowa osadikira lamulo latsopano. Mwana akabadwa atabanika kapena mayi akachotsedwa chiberekero, banja liziuzidwa m'Chichewa kapena m'Chilhomwe chomwe chachitika lisanatuluke m'chipatala, ndipo lizipatsidwa kope ya partograph pamodzi ndi kabuku kake. Pomwe kulakwa kuli poyerayera, ofesi ya Attorney General izivomera msanga n'kulipira m'malo mokokera mlandu zaka zisanu. Khonsolo ya Mulanje ndi makomiti oyang'anira zipatala za kumidzi aike zikwangwani pakhomo la chipinda chochirira zosonyeza kokadandaula, zokhala ndi nambala za foni zomwe zimayankhidwa.

Mafumu nawo ali ndi ngongole pankhaniyi. Iwo ndiwo adaimirira pamisonkhano n'kulamula amayi kupita kuchipatala, ndipo ena mwa iwo adalandira mbuzi. Mfumu yomwe ili ndi kope ya mayina a amayi ochirira pakhomo itsegulenso tsamba lina la ana omwe adabwerako kuchipatala atavulala, lokhala ndi tsiku lobadwa la mwana aliyense, kenaka iperekeze makolowo kwa mkulu wa zaumoyo paboma kukapempha fayilo zaka zitatu zija zisanathe.